Njinga Yobwereka Ionetsa Mlendo Lusaka Yense

Dzinja likapita, cimanga cikalowa m'nkhokwe, ndalama za thonje, fodya ndi nshawa zikafika m'manja, mabasi ocokera ku Chipata, Katete, Chadiza ndi Petauke amadzaza ndi makolo opita ku Lusaka kukaona ana ndi adzukulu. Aliyense wa iwo amanyamuka atasenza mauthenga a mudzi wonse. Wina wapatsidwa thumba la ufa loti akatule ku Kanyama, wina wauzidwa kuti akapepese maliro ku Mtendere, winanso watumidwa kukafunsa mnyamata wa ku Chawama cifukwa cimene analekera kutumiza ndalama za sukulu za ana a mlongo wake. Koma ambiri amabwerera kwao patapita masabata awiri asanafikitse ngakhale theka la mauthengawo. Kumudzi amakalandiridwa ndi madandaulo, ndipo ubale umene ukanalimba umayamba kuzirala.

Cifukwa cake si ulesi ai. Makomboni a mu Lusaka anazinga tauni mbali zonse, ndipo minibasi zambiri zimayenda kucokera ku komboni kulowa pakati pa tauni ndi kubwereranso. Munthu wofikira ku Matero amene afuna kuona mbale wake ku Mtendere amatsika m'tauni, nafunafuna basi ina, nalipira kaciwiri, ndipo pobwerera amalipiranso kawiri. Ndalama zimene anagulitsira mbeu sizicedwa kutha. Ana amene anawayendera ali pa nchito tsiku lonse, motero mlendo amangokhala pa khonde kudikira dzuwa kuti lilowe. Akafunsidwa kumudzi kuti Lusaka ndi wotani, amangosimba za siteshoni ya Intercity ndi za Cairo Road imene anaionera pa windo.

Mankhwala a bvutoli ndi cinthu cimene munthu wa kum'mawa anacizolowera kuyambira ubwana, ndico njinga. M'mizinda ya m'mbali mwa nyanja yamcere, monga Cape Town, alendo amalipira ndalama kuti abwereke njinga ndi kuyenda nayo m'mphepete mwa madzi. Dziko la Zambia lilibe nyanja yamcere, koma Lusaka ali ndi mwai wakewake, pakuti anamangidwa pa malo athyathyathya, okwera pafupifupi mamita 1,300, ndipo zitunda zake ndi zocepa. Munthu amene amakwera mapiri a ku Chipata atamanga matumba awiri a fetereza pa keliyala sangatope ndi Lumumba Road. Anthu a kum'mawa ndiwo eni njinga: m'zaka za m'ma 1980 fakitale ya Luangwa Industries ku Chipata inali kupanga njinga za Eagle, ndipo mpaka lero anyamata a kumeneko amanyamula anthu pa njinga kuti apeze cakudya.

Kunyamula njinga kucokera kumudzi nkobvuta, koma m'komboni njinga sizisowa. Mbale, mnansi kapena wokonza njinga wa pa msika angathe kubwereketsa yake kwa tsiku limodzi kapena atatu ngati agwirizana za malipiro. Apa mpamene pafunika nzeru, pakuti akulu anati nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Kwa anthu ambiri a m'komboni njinga ndiyo munda wao. Amapita nayo ku nchito, amanyamulira malasha, ndiwo zamasamba ndi madzi. Ikatayika, banja lonse lagona ndi njala. Cotero mlendo wanzeru sacita manyazi kufunsa poyera asanaikwere, amvekere: "Alamu, njinga iyi ikathyoka m'manja mwanga, kapena akaiba, tidzapangana bwanji?" Funso lotere silinyoza munthu. Limateteza ubale kuti usadzathe cifukwa ca citsulo.

Pangano labwino limachula zinthu zinai: mtengo wa tsiku, ola lobwezera, wolipira zoonongeka, ndi cocita njinga ikabedwa. Likhale pamaso pa mboni, ndipo ngati nkotheka lilembedwe pa kapepala. Awiriwo aiyang'ane njingayo pamodzi: mabuleki onse awiri, cheni, masipoko, matayala, cishalo ndi belu. Cilema cimene calipo kale cichulidwe nthawi yomweyo, kuti madzulo pasakhale kulozana zala. Mlendo asanyamuke popanda loko, pampu ndi zomatira chubu. Ngati mwini njinga apempha cikole, ndi bwino kusiya ndalama kusiyana ndi kusiya reji, pakuti reji munthu ayenera kuyenda nayo.

Mseu wa mu Lusaka si njira ya kudimba. Kalembera wa 2022 anapeza anthu oposa 2 miliyoni mumzindawu, ndipo magalimoto acuruka kotero kuti Boma linamanga milatho yodutsa pamwamba pa miseu ku Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres. Wapanjinga ayende kumanzere, m'mbali mweni-mweni, ndipo acenjere ndi minibasi zimene zimaima mwadzidzidzi zikaona wokwera. Pa malo ozungulira magalimoto, monga kumapeto onse awiri a Cairo Road, palibe manyazi kutsika ndi kuikankha njinga pooloka. Nthawi yabwino yonyamuka ndi pamene opita ku nchito atha kudutsa, ndipo dzuwa lisanalowe njinga ikhale itabwerera kwa mwini wake. Tsiku la Sondo m'mawa miseu imakhala yopepuka koposa. Posokera, afunse amai ogulitsa pa msika, pakuti safunsa anadya phula.

Mzinda wonse sungathe tsiku limodzi, motero ndi bwino kuugawa patatu. Mlendo wofikira ku Matero ayambe ndi mbali ya kumadzulo. Matero anamangidwa ndi boma la atsamunda kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, pamene linabvomera kuti anchito aciafrika akhale m'tauni pamodzi ndi mabanja ao. Kale munthu wakuda anali kuonedwa ngati mlendo m'tauni, woyenda ndi citupa, woyenera kubwerera kumudzi nchito ikatha. Nyumba zimene boma linamanga sizinakwanire, cotero otsala anapempha malo kwa eni mafamu ndi makontrakitala nadzimangira okha. Ndico cifukwa cake makomboni ambiri ali ndi maina a azungu. Wotsata Commonwealth Road amafika ku George, komboni imene inatenga dzina kwa George Hadjipetrou, Mgiriki amene anali ndi nchito youmba njerwa kumeneko. John Laing ndi John Howard nawonso ndi maina a makampani omanga.

Asanacoke mbali imeneyi, mlendo apatukire ku Great North Road kukaona National Heroes Stadium, bwalo lotsegulidwa mu 2014. Pafupi nalo pali manda a anyamata a timu ya mpira ya dziko lino amene anafa pa 27 April 1993, ndege yao itagwera m'nyanja kufupi ndi Libreville ku Gabon. Anthu 30 anatha pa ngoziyo, ndipo mumzinda womwewo wa Libreville ndi mmene Zambia inatengera cikho ca Africa mu 2012.

Kucoka pamenepo, Lumumba Road imatsikira kum'mwera kudutsa m'mafakitale mpaka ku msika wa Soweto, kumene tomato, kabichi ndi mbatata za alimi zimatsitsidwa mbanda kuca. Mlimi amene aima pamenepo ola limodzi, namva mtengo umene mbeu zake zimagulitsidwa m'tauni, amabwerera kwao ndi phunziro loposa ndalama imene analipira njinga. Los Angeles Road imayambira pomwepo kulowa mu Kanyama. Wapanjinga amaona zimene wa m'basi saona: pansi pa Kanyama pali thanthwe la laimu, dothi ndi locepa, ndipo madzi a mvula alibe kothawira. Cigumula ca mu 1978 cinagwetsa nyumba zambiri kumeneko, ndipo kolera wa 2017 ndi 2018 anabvuta kwambiri komboni yomweyi, pakuti zimbudzi ndi zitsime zosaya zimasakanizana madzi akakwera. Mlendo anyamule madzi ake owiritsa, ndipo ulendo wotere aucite m'cilimwe.

Lumumba Road imakathera mu Kafue Road, ndipo patsogolo pang'ono Chifundo Road imalowa mu Chawama. Kale malowa anali kuchedwa Roberts Compound, ndipo dzina latsopano linadza pambuyo pa ufulu. Mu 1974 Boma linakhazikitsa lamulo lobvomereza makomboni ena kukhala malo okhalamo mwalamulo, ndipo eni nyumba anayamba kulandira ziphaso zokhalira pa malo ao kwa zaka 30. Caka comweco inayamba nchito yothandizidwa ndi World Bank yolambula miseu ndi kuika mipope ya madzi mu Chawama, George, Chaisa, Chipata ndi Garden. Mseu umene njinga ikuyendamo lero unapita pamene panali nyumba za anthu, ndipo eni ake anasamukira ku malo ena apafupi kuti anzao apeze njira ndi madzi.

Tsiku laciwiri ndi la kum'mawa. Independence Avenue imadutsa pa cipilala ca Ufulu, ca munthu wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa mu 1974 pokondwerera zaka 10 za ufulu. Patsogolo pake pali Embassy Park, pamene anagona atsogoleri a dziko lino Levy Mwanawasa, Frederick Chiluba, Michael Sata, Kenneth Kaunda ndi Rupiah Banda. Wopatukira ku Burma Road amafika ku Kabwata Cultural Village, kumene zasungidwa nyumba zozungulira zaudzu za mtundu umene atsamunda anamangira anchito osabwera ndi mabanja. Lero amisiri osema amagulitsiramo ziboliboli. Kupitirira apo ndi ku Chilenje, pa nyumba nambala 394, imene Dr Kaunda anakhalamo kuyambira 1960 mpaka 1962 potsogolera cipani ca UNIP. Nyumbayo ndi yaing'ono, ndipo woiona amazindikira kuti ufulu wa dziko lino unapanganidwa m'komboni.

Kucoka ku Chilenje njira imadutsa mu Woodlands ndi Kabulonga, pakati pa mipanda yaitali ndi mitengo ya mthunzi, kenaka mwadzidzidzi wapanjinga amapezeka ali mu Mtendere. Kusiyana kwa mbali ziwirizi kumaoneka bwino kwa woyenda pang'onopang'ono. Mtendere anayamba mu 1967, pamene khonsolo inadula mapuloti kuti anthu adzimangire okha, ndipo ena mwa oyamba kukhalamo anacokera ku Kalingalinga. Ambiri a oyeretsa nyumba, olima maluwa ndi olonda a ku Kabulonga amagona ku Mtendere. Pobwerera, Alick Nkhata Road, yochedwa dzina la woimba ndi muulutsi wa pa wailesi amene anafa mu 1978, imadutsa m'mbali mwa Kalingalinga, kumene akalipentala ndi owocherera zitsulo amayala mabedi, zitseko ndi mageti m'mbali mwa mseu. Komboni imeneyi inakonzedwa kuyambira mu 1980 ndi thandizo la boma la Germany. Kuseri kwake kuli University of Zambia, imene inatsegulidwa mu 1966, ndipo kutsogolo kwa sukuluyo kumadutsa Great East Road, mseu womwe uja mlendo anabwerera nawo pa basi. Kholo limene laona sukuluyo ndi maso limakhala ndi mau olimbikitsira mwana wa giredi 7 kumudzi.

Amene mauthenga ake afika onse, ndipo miyendo ikali ndi mphamvu, tsiku lacitatu angaturuke kunja kwa mzinda. Kafue Road imafika ku Chilanga, mtunda wa makilomita pafupifupi 15, kumene kuli fakitale ya simenti imene inathandiza kumanga damu la Kariba, ndiponso Munda Wanga, malo osungirako mitengo, maluwa ndi nyama. Mseuwu uli ndi malole ambiri opita ku Chirundu ndi ku Livingstone, motero wofuna kuuyenda anyamuke m'mawa ndipo asacoke m'mbali.

Lusaka anayamba ngati kasiteshoni ka sitima mu 1905, natenga dzina la mfumu ya mudzi wa pamalopo, a Lusaaka, ndipo anakhala likulu m'malo mwa Livingstone mu 1935. Amene anaumba njerwa, kuphwanya miyala ndi kumanga nyumba zazitali za m'tauni anali ana a m'midzi, ndipo zidzukulu zao ndizo zadzaza m'makomboni amene achulidwa pano. Mlendo wozungulira pa njinga amamva Cinyanja pa msika uliwonse, ndipo nthawi zina amapeza mbale amene kumudzi anamuyesa mchona. Amaonanso kuti mwana amene kumudzi amamuyesa wolemera amalipira lendi, madzi ndi malasha asanadye, ndipo madandaulo a kumudzi amacepa.

Cotsala ndi kubweza njinga mwaulemu. Ipukutidwe matope, cheni cithiridwe mafuta, ndipo ngati sipoko yathyoka, mlendo aulule yekha mwini wake asanaone. Malipiro aperekedwe pamaso pa mboni yomwe ija, ndipo kambale ka nshawa za kumudzi kakaonjezedwa, mwini njinga sadzakaniza mlendo wina wocokera ku mudzi womwewo caka camawa.