Maphunziro a atumiki akuda a m'zipatala ku America: chikhalidwe ndi mbali ya ubusa

Ku America, amene akufuna kutumikira odwala pa zauzimu m'zipatala amachita maphunziro apadera. Anawayambitsa ndi Mbusa Anton Boisen m'chaka cha 1925 pa chipatala cha odwala misala ku Worcester. Wophunzira amalemba zimene wacheza ndi wodwala, kenaka anzake ndi mphunzitsi amaziunika. Njirayi ndi yabwino, koma inabadwira pakati pa azungu a mipingo ya Chipulotesitanti. Tiyenera kufunsa tsono: kodi ikukwanira kukonzekeretsa mtumiki wakuda?

Wodwala wakuda amalowa m'chipatala atasenza mbiri ya anthu ake. Kuyambira 1932 mpaka 1972, a zaumoyo a boma anasiya amuna akuda mazanamazana ku Tuskegee osawapatsa mankhwala a chindoko, pofuna kuona m'mene matendawo amakulira. N'chifukwa chake ena amakayikira madokotala. Komanso achibale akazungulira wodwala n'kumaimba ndi kupemphera mokweza, wosadziwa chikhalidwechi angaganize kuti akukana kuvomereza imfa, pamene iwo akuonetsa chikhulupiriro.

Mpingo wa Katolika nawonso unachedwa kumvetsa zimenezi. Bambo Augustus Tolton anadzozedwa unsembe ku Roma mu 1886 chifukwa maseminale a kwawo anawakana. Zinthu zinayamba kusintha pamene Xavier University ku New Orleans inatsegula sukulu ya maphunziro a Akatolika akuda mu 1980, ndipo mu 1984 maepiskopi akuda khumi analemba kalata yolimbikitsa anthu awo kupereka mphatso za chikhalidwe chawo ku Mpingo.

Komabe tisanamizane: khungu lokha si maphunziro. Wansembe wochokera kuno ku Africa akatumizidwa ku chipatala cha ku America sanaleredwe m'mbiri ya ukapolo ndi tsankho la kumeneko. Nayenso ayenera kukhala pansi n'kumvetsera, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mu 1995, Apapa Yohane Paulo Wachiwiri, m'kalata ya Ecclesia in Africa, anatiphunzitsa kuti Uthenga Wabwino uzike mizu m'chikhalidwe cha anthu. Tikupempha tsono kuti m'maseminale ndi m'sukulu za makatekisiti athu phunziroli lisasowe. Wodwala amene akuopa kuti walodzedwa sitingamuthandize pomudzudzula. Tiyambe tamumvetsa, kenaka timutsogolere kwa Khristu amene amachiza.