Phindu la nsomba ku Neno lagona pa madzi

Pa msika wa Zalewa, pamene msewu wa ku Mwanza umapatukana ndi wa M1, nsomba yaiwisi sichedwa kupeza woigula. Izi zikukopa alimi ena m'boma la Neno kukumba madamu a makumba, chilunguni ndi mlamba. Vuto ndi lakuti oyamba kumene amathira ndalama pa mbewu ya nsomba ndi chakudya, n'kuiwala madzi. Mlimi amene sanaphunzire kusamala madzi akanayamba wadikira, chifukwa mpamba wake ungathere m'damu momwemo.

Choyamba ndi gwero la madzi. Kumunsi kwa boma, monga ku Lisungwi ndi Matope, kumatentha ndipo nsomba zimakula msanga, koma timitsinje tambiri timaphwa pofika October. Nsomba zimafuna miyezi pafupifupi 6 kuti zifike pogulitsa, choncho damu likaphwa msanga mlimi amakolola tinsomba tosakula timene ogula amatinyoza pa mtengo. Kumapiri, monga kwa Dambe, madzi alipo koma amazizira mu June ndi July. Madzi akatsika pa madigiri 20, makumba amachepetsa kudya. Damu lakuya mita imodzi kapena imodzi ndi theka limathandiza mbali zonse ziwiri.

Kuyeza madzi sikulira makina. Madzi abwino amakhala obiriwira, kusonyeza kuti muli ndere zimene nsomba zimadya. Mlimi aviike mkono mpaka m'chigongono. Chikhatho chikamaoneka bwinobwino, damu lili ndi njala ndipo likufuna manyowa a nkhuku kapena a mbuzi. Chikasowa mkono usanafike m'chigongono, manyowa achuluka. Madzi a matope ofiira amatchinga dzuwa, ndere sizimera.

Nthawi yoyendera damu ndi m'mbandakucha. Usiku ndere zimagwiritsa ntchito mpweya wa m'madzi, ndiye mpweyawo umachepa kwambiri dzuwa lisanatuluke. Nsomba zikamayasamula kukamwa pamwamba pa madzi, mlimi asiye kuthira manyowa ndi chakudya, alowetse madzi atsopano tsiku lomwelo.

Alimi ena amati kudyetsa kwambiri ndi kumene kumanenepetsa nsomba. N'zoona kuti nsomba yanjala sikula, koma madeya otsala amawolera pansi n'kumaliza mpweya, ndipo ndalama yogulira madeyawo yapita pachabe. Chimodzimodzi kuthithikana: kwa wongoyamba, nsomba ziwiri kapena zitatu pa sikweya mita n'zokwanira.

Ku Neno kulinso chiopsezo china. Alimi a mbatatesi ndi tomato amapopera mankhwala m'minda, ndipo mvula imatha kuwakokolera m'damu. Ngalande yopatutsa madzi a m'munda ndi yofunika, ndipo sipuleya isatsukidwe pa mtsinje wodzaza damu.

Mbewu yodalirika imapezeka kudzera kwa alangizi a zausodzi komanso ku National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba. Tinsomba tongotola mu Shire sitidziwika mtundu kapena msinkhu wake.

Pa nkhani ya msika, nyanja ya Malawi imatsekedwa kwa asodzi a makoka kuyambira mu November, ndipo chambo chimachepa m'misika. Mlimi amene madzi ake saphwa akhoza kuwerengera miyezi chobwerera m'mbuyo kuti akolole pa nyengo imeneyi, pamene ogula samangika kukakamira mtengo wotsika.