MWANA AKABADWA, TISAIWALE MAI WAKE

Mzimai akakhala ndi pakati, aliyense pa nyumba amamuyang'anira. Apongozi amamuletsa kusenza zolemera, mwamuna amagulako zitenje ndi beseni, anansi amawerenga naye miyezi. Koma mwana akangobadwa, maso onse amatembenukira kwa khanda. Obwera kudzaona amakangana za amene mwanayo wafanana naye, ndipo ndi ocepa amene amafunsa mai kuti, "Nanga inu m'thupi mukumvamo bwanji?" Ine monga wanchito ya cipatala ndikuti apa ndi pamene mabanja a ku Petauke ndi ku Nyimba tiyenera kusintha. Masabata 6 oyamba mzimai atacira ndi nthawi yoopsa pa moyo wake, ndipo masiku amenewa amakhala ali kunyumba, m'manja mwa inu abale ake.

Tiyambe ndi kuyamikira zimene zayenda bwino. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2001 mpaka 2002 anapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo m'Zambia, azimai 729 anali kumwalira ali ndi pakati, pobereka kapena atangobereka. Pofika mu 2018 nambalayi inatsika kufika pa 278. Nyimba inali imodzi mwa maboma anai oyamba, pamodzi ndi Lundazi, Mansa ndi Kalomo, kumene mu 2012 kunayamba nchito yopulumutsa azimai yochedwa Saving Mothers, Giving Life. M'maboma amene nchitoyi inayesedwa, imfa za azimai zinatsika ndi 41 peresenti pofika mu 2016. Magulu a SMAG, amene anayamba mu 2003, anayenda khomo ndi khomo kuuza azimai kuti akacirire ku cipatala.

Uthenga umenewo unamveka. Mu 2018, ana 84 mwa ana 100 alionse anabadwira ku cipatala. Koma kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti azimai 70 okha mwa 100 ndiwo anapimidwa m'masiku awiri oyamba atabereka. Ndiye kuti pa azimai khumi, atatu anadutsa masiku oopsa kwambiri popanda wowapima. Tinaphunzira njira yopita ku cipatala ndi mimba. Njira yobwererako mwana atabadwa sitinaizolowere.

Nanga coopsa n'ciani popeza mwana watuluka kale? Coyamba ndi kutaya magazi, kumene kumapha azimai ambiri kuposa vuto lina lililonse la ubereki. Mwana akabadwa, ciberekero ciyenera kukhwinyata ndi kulimba kuti mitsempha ya magazi itsekeke. Cikalephera kulimba, kapena mukatsala kacidutswa ka nsapo, cija cimatuluka pambuyo pa mwana, magazi amapitirira kutuluka. Mzimai angathe kutisiya m'maola ocepa cabe. Caciwiri ndi tizilombo tolowa m'ciberekero cikali ndi cilonda. Izi zimaonekera patapita masiku, iye ali kale kunyumba. Cacitatu ndi BP. Ambiri amaganiza kuti vuto la kuthamanga kwa magazi limatha mwana akabadwa, koma BP ingakwere pambuyo pake mpaka mzimai kugwa ngati wakhunyu.

Makolo athu anali kudziwa kuti mzimai wongocira ndi wofooka, n'cifukwa cace anaika mwambo wa cikuta. Mai anali kukhala m'nyumba, ambuya ndi azakhali akumuphikira phala, kumuteleka madzi osamba ndi kumucapira. Mwambowu unali wanzeru. Vuto ndi lakuti ambiri amati cikuta catha mcombo wa mwana ukagwa. Mcombo umagwa patapita sabata imodzi kapena kuposerapo pang'ono, pamene ciberekero cimafuna masabata 6 kuti cibwerere m'malo mwake.

Ku makomboni zinthu n'zovutirapo. Banja limakhala m'kacipinda ka lendi, ambuya ali kumudzi, ndipo mwamuna amacoka m'mamawa kukasaka maganyu. Mzimai wogulitsa nthoci kwa apaulendo pa msewu wa Great East ku Nyimba, kapena wa tomato ndi nshawa mu msika wa Petauke, amadziwa kuti tsiku losagulitsa ndi tsiku logona opanda ndiwo. Conco pasanathe masabata awiri mumuona ali ndi khanda kumbuyo, beseni pamutu. Akabwerera madzulo atunge madzi, akoleze mbaula, asambike ana ena. Wotere akayamba kumva mutu kapena kutentha thupi amangoti ndi kulema, namwa Panadol.

Ena adzati, "Amai athu anali kubereka lero, mawa ali kumunda." Zoona analipo otere. Koma tikumbukirenso maliro a azimai acitsikana amene tinali kungoti "anafa ndi ucembere," ndi ana amasiye amene analeredwa ndi ambuya ao. Amene anapulumuka ndiwo akutiuza nkhani lero. Amene sanapulumuke sangatiuze kanthu.

Enanso adzati ndalama palibe. Koma kupimitsa mai atabereka ku kiliniki ya boma sikulipiritsidwa. Cofunika ndi ya mayendedwe, ndipo imeneyi ingasungidwe pang'onopang'ono mimba ikali yaing'ono, monga timacitira ndi ndalama ya zovala za mwana. Musaithere yonse pa tsiku lobereka. Siyaniko ina ya njinga kapena galimoto ya usiku, cifukwa vuto silisankha nthawi.

Pa nyumba iliyonse pamene pali mai wongocira, aliyense adziwe zizindikiro izi. Magazi odzaza nsalu kapena padi pasanathe ola limodzi, kapena otuluka ndi zibuluma zazikulu. Kutentha thupi ndi kunjenjemera. Zotuluka kumaso zonunkha ndi kupweteka kwa m'mimba munsi. Mutu wowawa kwambiri ndi kuona mwacimbuuzi. Kukomoka. Kubanika popuma. Mwendo umodzi wotupa ndi wopweteka. Bere lofiira, lotupa ndi lotentha. Mukaona cimodzi mwa izi, musadikire kuti kuce ndipo musayambe mwayesa mankhwala a pa nyumba. Pitani ku kiliniki yapafupi, kapena ku cipatala ca Petauke, ca Kalindawalo, ca Minga kapena ca Nyimba. Mzimai amene mkodzo ukungotuluka wokha kucokera pamene anabereka asabisale m'nyumba ndi manyazi. Ndi cilonda ca m'njira ya mwana, ndipo cimasokedwa. Cipatala ca St Francis ku Katete cimacita opaleshoni imeneyi.

Pali vuto lina limene sitilichula kawirikawiri, la m'maganizo. Kulira ndi kukhumudwa pang'ono m'masiku oyamba kumacitikira azimai ambiri ndipo kumatha kokha. Koma mai akapitirira masabata awiri ali wacisoni, osagona ngakhale mwana atagona, osafuna kudya, osakondwera ndi mwana wake, kapena akulankhula zofuna kufa, ameneyo akudwala. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, likuti m'maiko osauka mzimai mmodzi mwa asanu amakumana ndi matenda a maganizo atabereka. Si ulesi, si mwano, ndipo sanalodzedwe. Kumukalipira kumangoonjezera. Khalani naye pafupi, musamusiye yekha ndi khanda, ndipo mubwere naye tidzamuthandize.

Inu azibambo, nchito yanu siithera pa kulipira galimoto yocokera ku cipatala. Lamulo la za nchito la 2019 limapatsa mai wolembedwa nchito masabata 14 a chuti ca ubereki, ndipo bambo amene wakwanitsa caka pa nchito ali ndi masiku asanu. Masiku amenewo si omwera mowa wa cikondwerero. Tungani madzi, gulani makala, onani kuti akazi anu adya: phala la nsinjiro, nyemba, kapenta, mazira, cibwabwa cotendera. Akumbutseni mapilisi oonjezera magazi, ndi ma ARV ngati amamwa, cifukwa amateteza ndi mwana woyamwa yemwe. Za pa mphasa musakakamize. Dikirani cilonda cipole, ndipo mupite limodzi kukasankha njira yolera, kuti papite zaka ziwiri mimba ina isanabwere.

Inu apongozi ndi azakhali, mau anu amamveka pa nyumba kuposa a namwino. Mukanena kuti mpongozi wanu apume, palibe adzatsutsa. Mukanena kuti akudzipangitsa, adzabisa ululu wake mpaka zitafika poipa. Inunso azimai a m'cilimba, a mu msika ndi a m'magulu a ku chalichi, mutu umodzi susenza denga. Mumasonkherana pa maliro ndi pa ukwati. Gawanani masiku: wina amugulitsireko pa tebulo lake, wina acape, wina atengeko ana okulirapo.

Ndipo inu mai, thupi ndi lanu. Musafulumire kutuluka m'cipatala. Malangizo a WHO a 2022 akuti mukhalemo maola osacepera 24, kenaka mupimidwenso pa tsiku laciwiri kapena lacitatu, pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa sabata la 6. Musanacoke, funsani mzamba akulembereni masiku obwerera pa khadi. Mukapita ndi mwana ku sikelo musangopereka mwana n'kukhala cete. Nenani kuti, "Ndipimeniko BP inenso." Chulani ciliconse cimene cikukuvutani, ngakhale ca manyazi. Anamwino ndi azamba anaphunzira zimenezi, ndipo ndi udindo wao kukumverani mwaulemu.

Khanda limafuna bere la mai wake lokha kwa miyezi 6, ndipo limafuna mai wakeyo kwa zaka zambiri. Ngati pa nyumba panu kapena pa anansi pali amene wacira mwezi uno, pitani lero mukaone khadi lake. Ngati tsiku lobwerera ku cipatala linadutsa, muperekezeni mawa.