Za Amai Apakati ndi Kachasu

Mafumu athu ndi abale a Bungwe, pa msonkhano wapitawo ena anapempha kuti mkazi wapakati wopezeka pa kachasu adzilipa mbuzi pabwalo, monga alipira ochirira pakhomo. Ife tikana mau amenewo.

Sitikana kuti mowa uononga. Umene amwa mai ufika kwa mwana m'mimba poyenda m'mwazi. Mwanayo angabadwe wochepa thupi, nadzabvutika kugwira maphunziro moyo wake wonse. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma mbiya za kachasu zikali pamoto, ndipo ambiri otcheza ndiwo amai omwewo, ofuna ndalama ya mchere ndi sopo, amenenso alawa kuti amve ukali wake.

Koma mkazi woopa chindapusa abisa mimba, nathawa sikelo kumene anamwino akadamthandiza. Mbuziyo idyedwa, mwana osapindula kanthu.

Tipempha tsono kuti anamkungwi anene za mowa pa chisamba, mseri, osanyoza. Ankhoswe aitanenso mwamuna, pakuti n'kobvuta kuleka iye akubwera ndi botolo madzulo onse. Ndipo wakumwa tsiku ndi tsiku asaleke yekha mwadzidzidzi, angamgwere manjenje ndi kukomoka, mumperekeze kuchipatala.