Ndemanga: Za Bokosi Limodzi

Amene mwayendapo pa msewu wa m'mbali mwa nyanja wolowera ku Chintheche mukudziwa Tukombo, kwawo kwa malemu Aleke Banda, amene anakhala zaka 12 m'ndende popanda kuzengedwa mlandu, natuluka mu 1992, chaka chimene maepiskopi a Katolika analemba kalata yawo m'mwezi wa Marichi, ndipo maiko otithandiza, atakumana ku Paris m'mwezi wa Meyi, anaimitsa thandizo la chitukuko kufikira boma litalemekeza ufulu wa anthu.

Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kamene anadza nako a United Nations sikanali mfuti kapena asilikali, monga zinakhalira kwa anansi athu a ku Mozambique atasainirana mtendere ku Rome. Kathu kanali kakang'ono, koma kanameta pamene panafunika. Pamene Dr. Kamuzu Banda anavomera riferendamu yosankha pakati pa chipani chimodzi ndi zipani zambiri, naika tsiku la 15 Marichi 1993, bungweli linapempha kuti tsikulo lisunthidwe, kuti mbali zonse zipeze mpata wofikira anthu, ndipo linasunthidwadi kufika pa 14 Juni.

Koma mfundo yaikulu inali ya mabokosi. Boma linafuna mabokosi awiri, lina la tambala wakuda woimira chipani chimodzi, lina la nyali yoimira zipani zambiri. Taganizani msodzi wa pa Tukombo, amene waona anzake akutengedwa usiku chifukwa cha liwu limodzi lolankhulidwa pokoka chilimira, ataimirira pakati pa mabokosi awiriwo, osadziwa ngati maso a Apayoniya sali pamsana pake: kodi dzanja lake likanapita kumene mtima wake unali? A Public Affairs Committee, amene ankaimira ofuna zipani zambiri, anakana kwamtuwagalu, nkhani inatsala pang'ono kusokonekera, kufikira a Adama Dieng a ku Senegal, a bungwe la International Commission of Jurists, anadzakhala mkhalapakati, mbali ziwirizo nizigwirizana pa bokosi limodzi.

Tisawatamande mopyola muyeso alendowa, pakuti makalata awo sanapulumutse Orton Chirwa, mwana winanso wa boma la Nkhata Bay, amene anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Ndipo amene anakhala pansi kukambirana, mantha ali m'mimba, anali abusa, maloya ndi andale a dziko lino. Tsiku la riferendamu litafika, anthu pafupifupi 63 mwa 100 alionse anasankha nyali, ndipo mavoti awo anawerengedwa kuchokera m'bokosi limodzi lija.