Inu olankhulira asilikali, batire yakufa si chinsinsi cha dziko

Lero za tomato ndi mtengo wa feteleza ndazisiya kaye. June akafika, kuzizira kukayamba kuluma kudimba m'mamawa, ine mtima umathamangira ku Chikangawa, ndiye mundilole nditulutse chomwe chandikhala pakhosi.

Ndinene poyambirira, asilikali sindidana nawo. Mwana wa mlongo wanga amavala yunifolomu yomweyo. Mu March 2023 tonse tinawaona akufukula anthu m'matope ku Chilobwe, namondwe Freddy atasakaza. Pa zionetsero za 2019 ndi iwo ankateteza anthu m'misewu ya Lilongwe. Manja awo ndimawalemekeza. Vuto langa lili pakamwa, pa mabwana amene amaima kutsogolo kwa atolankhani kutiuza zomwe zachitika.

Kumbukirani Lolemba lija, pa 10 June 2024. Ndege ya asilikali, Dornier 228, inanyamuka pa bwalo la Kamuzu 9 koloko itangodutsa, ulendo wa ku Mzuzu wosakwana ola limodzi. Munali a Saulos Chilima ndi anthu ena 8, akupita ku maliro a Ralph Kasambara. Ndege sinafike. Nanga ife eni dziko tinauzidwa nthawi yanji? Dzuwa litapendeka kale. Pakati ponsepo WhatsApp ndiye inali mfumu. Wina akuti yabwerera, wina akuti yapezeka, wina akunena zoti sindingazilembe pano. Akuluakulu anati kandimverere adakanena za m'maluwa. Mwini nkhani akatseka pakamwa, akandimverere amachuluka basi.

Mawa lake mkulu wa asilikali, General Paul Valentino Phiri, anaima pamaso pa atolankhani kufotokoza za chifunga ndi kuwirira kwa nkhalango. Chifungacho sindikutsutsa, amene munadutsako ku Chikangawa mwezi wa June mukuchidziwa. Tsiku lomwelo ndege inapezeka, onse 9 atatisiya.

Koma tamvani izi. Mu August 2024 akatswiri a ku Germany, a bungwe la BFU, anatulutsa lipoti lawo loyamba. Mu ndegemo munali kachipangizo komwe ntchito yake ndi kukuwa ndege ikagwa, kuti ofufuza adziwe pomwe ili. Batire yake inatha nthawi mu 2004. Zaka 20, abale! Mwana wobadwa chaka chimenecho anali atamera ndevu. Komanso ndegeyo inalibe kabokosi kojambula zolankhula oyendetsa. Zonsezi dziko linazimvera mu lipoti la alendo. Eti zoona zimenezo?

Tiyerekeze za kwathu. Ine ndanyamula aganyu pa ngolo, ngolo yagubuduzika, anthu avulala. Kubwalo kwa amfumu ndikungofotokoza za matope a mumsewu, osatchulako kuti goli linathyoka kalekale, ndinangolimanga ndi luzi. Kenako mlendo wodutsa ndiye akaulule za golilo. Mawa ndikadzanena zoona zenizeni, alipo angandikhulupirire? Ndi chifukwa chake komiti ya Justice Jabbar Alide itanena mu December 2024 kuti inali ngozi ya nyengo yoipa ndi kulakwitsa kwa anthu, ambiri mu minibasi ankangopukusa mitu. Chikhulupiriro chili ngati mbewu, chikafumbwa sichimeranso.

Ndikudziwa a malume muyankha kuti za chitetezo sanenera pagulu. Pamenepo tigwirizane pang'ono. Nanenso sindilengeza pamsika tsiku lomwe kudimba kulibe mlonda. Komwe agona asilikali, njira yomwe adzere mawa, zipolopolo zomwe ali nazo, zimenezo bisani ndithu. Koma batire yakufa mukuibisira mdani uti? Imeneyo mukubisira ife okhoma msonkho, ndi akazi amasiye a asilikali anzanu omwe anafera mu ndege momwemo. Mawu oti "zachitetezo" asasanduke bulangete lofunditsa ulesi.

Ndipo nkhaniyi si ya ndege yokha. Ana athu akhala akupita ku DRC. Mu November 2018 kufupi ndi Beni tinataya asilikali 6, mmodzi mwa iwo Chancy Chitete, amene United Nations inamupatsa mendulo atamwalira chifukwa chopulumutsa mnzake wa ku Tanzania. Mu January 2025 ena atatu anafa pomenyana ndi M23 chakufupi ndi Goma, ndipo wolankhulira asilikali a Emmanuel Mlelemba anatsimikiza. Taganizirani mayi wa kumudzi amene mwana wake ali kumeneko. Wangomva kuti "atatu". Usiku umenewo mayi aliyense wa msilikali amalira maliro a mwana wamoyo. Kwa bwana ola limodzi lochedwa ndi laling'ono, kwa mayiyo ndi chaka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Chinthu chikachitika lankhulani msanga, ngakhale mungonena kuti izi tadziwa, izi tikufufuzabe. Banja lizimva kwa inu lisanamve pa foni ya woyandikana naye. Chikalata chisamathere m'Chingerezi chokha. Bwerani pa wailesi nokha, m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, agogo amve ndi makutu awo. Mtolankhani akafunsa funso lowawa musamuyang'ane ngati mdani, akufunsira ine amene ndili ndi khasu m'manja. Ndipo pomwe panalakwika, muziyamba ndinu kunena. Msilikali amene saopa chipolopolo angaope bwanji mawu oti "tinalakwitsa"?

Achimwene a ku Kawale, nkhaniyi muwawerengere mayi, maso awo aja savutikanso ndi foni. Ine ndathamangira kothirira, mpiru wayamba kufota.