Poto wa mkuwa, chitofu cha induction

Anzanga, malipiro atangolowa ndinagula poto wa mkuwa wa Mauviel, kampani ya ku France yomwe inayamba mu 1830. Mkuwa umafalitsa kutentha mofanana, ndiye anyezi sapserera mbali imodzi. Koma nditamuteleka kunyumba kuno ku Whitmore Reans, chitofu chathu cha induction chinangoti zii. Chimafuna chitsulo chomata maginito, ndipo mkuwa sumata.

Amayi anangoseka: "Mwanawe, ndalama zonsezo?" Nsima anaphikira m'sefuliya yawo yachitsulo.

Choncho musanagule, yambani mwaona chitofu chanu. Ngati n'cha gasi, sankhani poto wokhuthala mamilimita 2.5, wa stainless steel mkati, chifukwa tini amasungunuka pa madigiri 232.

Wanga uja ali kwa azakhali, akuphikira nyemba.